Kamodemu ka Pansungwi

Ishmael anali atangoyatsa laputopu pamene foni ya apongozi ake inayamba kulira pakhonde la nyumba yawo, kutsidya kwa bwalo. Anawaona mayi Tisiyenji akuipukuta ndi chitenje asanayankhe, kenako mawu a Aubrey anamveka bwalo lonse. Aubrey anali mchimwene wa malemu Pamela, mkazi wa Ishmael, ndipo ankaimba ali ku Cape Town kumene ankagwira ntchito. Atangomaliza moni anafunsa ngati mlamu wake uja adakali m'nyumba ya mchemwali wake.

Mudziwo unali m'chigwa, chakumunsi kwa Kabudula, ndipo foni sizinkagwira intaneti pokhapokha munthu akakwera kumtunda kwa msewu. Pamela, amene ankalowetsa pakompyuta za alimi a kalabu ya mtedza, ndi amene anapeza njira. Anagula kamodemu ndi chingwe chachitali, n'kukamangirira pamwamba pa nsungwi imene anaizika kuseri kwa windo, atakavindikira ndi botolo lodula kuopa mvula. Laputopu ikalandira intaneti kuchokera pamenepo, iye ankatsegula hotisipoti, ndipo foni za pakhomo zinkagwira popanda chingwe mpaka pakhonde la amayi ake. Anali ataphunzitsa mwamuna wake yekha. Tsopano masana aliwonse, batire ya sola ikadzadza, Ishmael ndi amene ankatsegula njira imene mlamu wake ankamunenera.

Pa tsiku la maliro zinthu sizinali choncho. Aubrey analephera kubwera chifukwa cha mapepala, ndipo Ishmael anamugwirira foni pafupi ndi bokosi kuti aone nkhope ya mchemwali wake amayi a chigwirizano asanayambe nyimbo yotulutsira thupi. Analira onse awiri. Koma m'masiku otsatira Aubrey anamva kuti tsiku limene Pamela anagwa m'munda wa mtedza, Ishmael anali ku Kanengo kukalondola mabelo a fodya, ndipo anthu anachedwa kupeza njinga yamoto yomutengera kuchipatala. Kuyambira pamenepo Aubrey ankangonena chinthu chimodzi, kuti munthu amene anasiya mkazi akudwala mutu n'kutsatira fodya alibenso chochita pamudzi wa eni. Iye ndiye anali malume wa ana, mwini mbumba, ndipo ankafuna kuti mwambo wosudzula uchitike sabata yomweyo. Ishmael abwerere kwawo ku Nambuma, ana ake, Sara ndi Zikani, atsale, laputopu itsekeredwe m'nyumba ya amayi mpaka iye adzabwere.

Ishmael sankayankha. M'mawa wa tsikulo Pamela ndi amene anamuuza kuti apite, kuti mutuwo ndi wa dzuwa chabe, ndipo anamuperekeza mpaka pamsewu. Koma akananena zimenezi zikanamveka ngati akukankhira mlandu kwa munthu amene sangathenso kudziyankhira.

Mkulu wake, Boniface, anabwera kuchokera ku Nambuma pa njinga kudzaona mmene zinthu zikuyendera. Anakhala m'chigafa cha fodya, n'kumvetsera foni ina ya Aubrey kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Itatha anamuyang'ana mng'ono wake kwa nthawi.

"Kodi iwe, mawu amenewa amalowa bwanji pamudzi pano?"

"Kudzera pakompyutapo."

"Amayatsa ndani?"

Ishmael analoza pachifuwa pake. Boniface anapukusa mutu. Anamuuza kuti angosiya kuyatsa, anene kuti batire yafa kapena mphezi inaononga kamodemu, palibe amene angatsutse. Munthu wa ku Cape Town akasowa pakamwa, akuluakulu a pamudzi adzakambirana nkhaniyo mofatsa, ndipo mwina adzamulola kukhala ndi ana ake mpaka mtedza ukumbidwe. Ananenanso kuti ngati zafika povuta, laputopuyo aitenge, chifukwa ndi ya m'nyumba mwake.

Tsiku lotsatira Ishmael anakhala patebulo, laputopu ili yotseka. Kunja kunali kamphepo kozizira ka mwezi wa Meyi ndipo nsungwi ija inkagwedezeka pang'ono. Anaganiza za Zikani, amene anali atayamba kumutsatira kulikonse, ngakhale kubafa, ngati akudziwa kuti bambo akenso angathe kusowa. Anaganiza za nyumba ya ku Nambuma, ya chipinda chimodzi, imene mwana wa Boniface ankasungiramo nkhunda.

Atasuzumira pawindo anawaona apongozi ake ali pamkeka, foni ili pamiyendo. Sankachita kanthu. Ankaidzutsa ndi chala, kuyang'ana pakona pamene kachizindikiro ka intaneti kamaonekera, n'kuisiyanso. Anabereka ana anayi, ndipo amene anatsala ndi Aubrey yekha. Dzuwa linasuntha mpaka mthunzi wa mtengo wa mango unachoka pamkekapo, koma iwo sanasunthe, ndiponso sanatume munthu kudzafunsa.

Ishmael anatsegula laputopu. Posakhalitsa foni inalira kutsidya kwa bwalo.

Tsiku limenelo Aubrey ananena kuti walankhula kale ndi ankhoswe, ndipo adzasonkhana Loweruka. Boniface atamva kuti mng'ono wake wayatsanso, anakwera njinga yake osadya n'komwe.

Lachisanu Ishmael anaika zovala zake m'thumba la feteleza, n'kulibisa pansi pa bedi kuti ana asaone. Ana atapita kusukulu, anawoloka bwalo, n'kunjuta patali ndi khonde monga mkamwini amachitira. Anawauza mayi Tisiyenji kuti iye akachoka sipadzakhala woyatsa intaneti, choncho ndi bwino awasonyeze iwo eni, kuti azilankhulabe ndi mwana wawo.

Pa zaka zonse zimene anakhala pamudziwo, iye ndi apongozi ake sanakhalepo pampando umodzi. Akakumana panjira, mmodzi ankapatukira kutchire. Mayi Tisiyenji anadzuka, namanga bwino mpango wakuda kumutu, n'kumutsatira. Anaima pakhomo la nyumba ya mwana wawo ngati alendo. Munali mukumvekabe fungo la mafuta amene Pamela ankadzola.

Panali benchi imodzi yokha. Anakhala mmodzi kumapeto uku, wina kumapeto uko. Ishmael anawasonyeza batani loyatsira, ndi chingwe chochokera pawindo chimene chimalowa m'mbali mwa laputopu, ndi kanyale ka kamodemu kamene kamaoneka kudzera m'botolo kakagwira. Anawasonyeza pokanikiza kuti hotisipoti itseguke. Chala chawo chinali cholimba ndi khasu, ndipo kamuvi ka pagalasi kankathawira kukona. Anayesa kangapo. Pomaliza Ishmael anasendera, n'kugwira dzanja lawo kuti aliongolere, onse awiri akuyang'ana pagalasi pokha.

Hotisipoti itangotseguka, foni ya mayi Tisiyenji inalira pachitenje pawo.

Atayankha, Aubrey anazindikira msanga makatani a m'nyumba ya mchemwali wake, kenako anaona phewa la Ishmael pambali pa amayi ake. Nkhope yake inasintha. Anafunsa ngati ulemu unatheratu pamudzipo, kuti mkamwini mpaka kukhala benchi imodzi ndi apongozi. Mayi ake anayesa kufotokoza koma sanawapatse mpata. Ananena kuti akudziwa zimene zikuchitika, kuti munthuyo akunyengerera nkhalamba kuti atsale ndi munda ndi nyumba. Ishmael anaona kuti maso ake anali ofiira ngati munthu amene sakugona.

"Alamu, ndikufunseni pamaso pa amayi. Mabelo aja ndi mchemwali wanga, chofunika kwambiri chinali chiyani? Munamusiya afe ngati nkhuku m'munda, eti?"

Ishmael anagwira m'mphepete mwa tebulo.

Mayi Tisiyenji anatambasula dzanja modutsa patsogolo pake, nagwira chingwe chochokera pawindo chija, n'kuchisolola. Nkhope ya Aubrey inauma pafoni, pakamwa pali potsegula, kenako inazimiririka. M'nyumbamo munangomveka nkhuku zikupalasa panja.

Mayi Tisiyenji anaika foni chafufumimba patebulo. Analankhula osamuyang'ana. Anati mawa ankhoswe akabwera, iwo adzawauza kuti mtedza sunakumbidwe ndipo ana ali pakati pa teremu, ndiye nkhani yosudzula idikire mpaka Aubrey adzabwere yekha, adzaone manda, adzalankhule ali pansi pano. Anati sakulonjeza kuti Aubrey adzawamvera, chifukwa mwini mbumba ndi mwini mbumba, ndipo mwanayo akulira yekha kudziko la eni, alibe womugwira. Koma thumba limene Sara analiona pansi pa bedi limasulidwe kaye.

Ishmael anaweramitsa mutu. Patapita kanthawi anawauza kuti chingwecho sanafike powaphunzitsa kuchotsa.

"Chimenechi ndinachionera kwa mkazi wanu," anatero mayi Tisiyenji. "Aubrey sanayambe lero kukunenani, bambo a Sara. Akangoyamba, ine ndili pakhonde paja, Pamela ankadzuka ngati akukatenga madzi akumwa, n'kulowa muno. Pobwera ankandiuza kuti netiweki yathawa. Ankaganiza kuti sindikuona pawindo."

Anachipinda chingwecho kawiri padzanja lawo, mosamala, n'kuchiika pambali pa laputopu.

"Muchibwezeretse madzulo, akakhala kuti mtima watsika. Ndikufuna ndimufunse ngati wadya."