Pomwe Panali Sikelo

A Overton Munthali anasoweza malo amene amuna anga anafera, ndipo ndikulemba kuti Rumphi yense adziwe. Ine ndine Anesi NyaKumwenda wa ku Njakwa. Sukulu sindinapite nayo patali, koma wabodza ndimamudziwa.

Amuna anga a Hezron ankanyamula mabelo a fodya m'shedi ya kampani ija pa Boma, ija inatseka matipate atangoyamba. Belo linawagwera pafupi ndi sikelo, anafera pomwepo. Anzawo anajambula mtanda wa penti yofiira pasimenti. Kubanja kwa a Hezron, munthu akafera kutali amatapa dothi la pomwe wagwera nkukalithira pamanda ake, kuti asamangoyendayenda. Apongozi anga aamuna anali mkulu wa mpingo, anakaniza. Pomwe apongoziwo ankamwalira shedi inali itakhomedwa kale. Ndikabwera kumsika ndinkasuzumira pazenera, mtanda uli pompo.

Ndiye a Overton anagula shediyo kuti aisandutse mafulati a anthu olemera, a m'mabungwe ndi alendo okaona nyama ku Kazuni. Ndinawapitira, ndinagwada.

"Amama, musadandaule," anatero. "Tsiku loswa simenti ndidzakutumizirani galimoto."

Galimotoyo ndikuidikirabe.

Mwezi wamawa tikumanga chiliza cha a Hezron. Alamu anga akuti akangothira simenti pamanda basi, dothi lililonse silidzalowanso. Ndinatenga chitini ndi kakhasu, nkukawatenga a Amock, amene ankanyamula nawo mabelo ndipo anaona zonse ndi maso awo.

Titafika tinazungulira mpanda kufuna geti. Geti analisamutsira mbali ina. Chitseko chachikulu cholowera malole kulibe. M'kati muli kanjira kopapatiza, matailosi oterera, zitseko zofanana uku ndi uku ngati m'chipatala.

A Amock anaima nkuvula chipewa. "Mlamu, sikelo inali moyang'anana ndi mtengo wa mango."

"Mtengo uti?"

Anasuzumira panja. Mtengo anadula, pali poimika magalimoto.

"Chabwino, tiyendere mizati," anatero. Mizatinso anaibisa m'makoma. Anayenda akugogoda khoma ndi chibakera mpaka chitseko china chinatseguka. Anatuluka mayi wachitsikana wa magalasi, dzina lake Dinah, wa ku Zomba, wogwira ntchito kubungwe lina.

"Pepani amayi, mukufuna ndani?"

"Amuna anga."

"Amakhala nambala chani?"

"Anafa kale. Mwina anafera m'nyumba mwanumu."

Anayang'ana kakhasu kanga, anandiyang'ana ine, koma anatilowetsa. Ndinamufotokozera zonse atagwira pachifuwa. A Amock analowa kuchipinda chogona nkuloza pansi pa bedi.

"Apa."

"Mayo ine!" anatero Dinah.

Ndinagwada. Ndisanayambe nkomwe kulankhula ndi a Hezron, a Amock anati, "Iyayi, dikirani. Dzuwa linkatiwomba kumsana." Anatembenuka, analowa kubafa, anaima m'beseni lalikulu losambiramo nsapato zili kuphazi. "Ndi pano. Kapena kuseri kwa khomali."

Kuseri kwa khomalo ndi fulati ina, yokhoma, mwini wake ali ku Mzuzu.

"A Amock, munalipo kapena simunalipo?"

"Ndinalipo, mlamu! Mutu wawo ndinaugwira ndi manja awa. Koma nyumbayi aitembenuza."

Anakhala m'mphepete mwa beseni nkuyamba kulira, munthu wamkulu. Ine mutu unazungulira. Sindinkadziwanso kuti msewu uli mbali iti, phiri lili mbali iti. Dinah anawaimbira foni a Overton, ndipo anabwera makiyi a galimoto akulira m'manja.

"Amama NyaKumwenda! Monile. Mwaiona nyumba? Yakongola chomene, eti?"

"Mtanda uli kuti?"

"Mtanda?" Anakanda m'mutu. "Oho, penti ija. Simenti yakale yonse tinaswa, tinakakwirira maenje mumsewu."

"Msewu uti?"

"Anyamata a lole ndi amene angadziwe, koma anali a ku Mzuzu. Ndipo pansi apa tinathirapo dothi lina la kumtsinje kuti pakwere."

Ndiye ndimve ziti? A Hezron ali pansi pa bedi la Dinah, ali kubafa, kapena ali mumsewu minibasi zikuwaponda?

"Adada Munthali, munati mudzanditumizira galimoto."

"Zinachuluka, amama. Koma taonani, inu ndinu mayi wa Umanyano kumpingo, zoterezi zinatha. Ngati mwalimbikira, tapani apo pamaluwa. Dothi ndi dothi."

"Pamanda a bambo anu mungathire dothi la pamaluwa?"

A Overton anangouza Dinah kuti asamalowetse anthu wamba, matailosi ndi odula. Dinah anati iye m'chipinda chija sagonamonso mpaka adziwe. Anatiperekeza mpaka pageti, chifukwa tokha sitikanalipeza. Ndinati yewo, mwana wa eni, wandichitira ulemu kuposa wakwathu.

M'minibasi yobwerera ku Njakwa, ikagunda dzenje lokwiriridwa ndinkayang'ana pazenera ngati ndingaone kachidutswa kofiira. Chitini chili pawindo chopanda kanthu. Alamu anga njerwa awotcha kale.

Tsono inu amene mukuwerenga. M'shedi ija munkagwira ntchito anthu ambiri, simunafe nonse. Ena munkabwera kudzagulitsa fodya, munaima pamzere pa sikelo ija. Wina anaswa simenti ija ndi nyundo, penti yofiira anaiona. Wina anayendetsa lole. Musandiuze zopemphera, ndimapemphera kuposa inu. Musandiuze za maluwa. Ndiuzeni pomwe panali sikelo, ndikaswe tailosi limodzi ndekha, a Overton akandimangitse ngati akufuna. Sikelo inali pati? Ndiyankheni chiliza chisanamangidwe.