Amayi Pampando Wakutsogolo

Amayi anafika kudambo m'mawa, nkhope ili gwa. Mwana wawo anali atatha miyezi itatu pantchito yopalasa alendo m'timabwato tapulasitiki kuti azikaona mbalame, ndipo chiyambireni amayi tulo sankatiwona. Mwana mmodzi yekhayo, madzi amutenge chifukwa cha mbalame?

"Longeza, tizipita. Pamsika malo alipo."

"Kwerani kaye, amayi. Maola awiri okha. Mukakanabe, ndilongeza."

"Theka la ola."

"Limodzi."

"Chabwino. Koma ukandinyowetsa siketi, undidziwa."

Mtsikanayo anawaveka jekete yoyandamitsa n'kuwakhazika kutsogolo, iye kumbuyo kowongolera. Nkhafi amayi anaigwira ngati khasu. Ankakumba madzi mbali imodzi yokha, bwato n'kumangozungulira ngati galu wofuna pogona.

"Bwato lakoli ndi lopindika."

"Lopindika ndi dzanja lanu, amayi. Uku kamodzi, uko kamodzi."

Analowa kanjira ka pakati pa mabango. Madzi anali bata. Akakowa anangoima osathawa, ndipo katumbu anavuuka ndi nsomba kukamwa, n'kuwayang'ana ngati amusokoneza pakudya.

"Ndiye anthu amachoka kutali kudzaona zimenezi? Bwanji osabwera kwathu? Nkhuku ndili nazo."

Mwana sanaseke. Maso ake anali pa mabango ogona chakumanzere, pomwe madzi anavunduka matope.

"Amayi, ikani nkhafi pamiyendo. Pakamwa tsekani."

Chibadwire palibe anawauzapo zimenezo, ngakhale malemu bambo ake a mwanayo. Anacheuka kuti amulalatire, koma nkhope imene anaiona sinali yoti munthu n'kuikalipira.

Patsogolo madzi anatumphuka. Makutu awiri, mphuno zazikulu, kenako timakutu tina pambali. Mvuu ndi mwana wake. Amayi anagwira m'mphepete mwa bwato zala mpaka kuuma. Bwato linayamba kubwerera chambuyo, pang'onopang'ono, nkhafi ikulowa m'madzi osamveka n'komwe. Mvuu inafwenthera, n'kuwaperekeza ndi maso mpaka anakhota.

Atatulukira potakasuka, amayi anapeza mawu.

"Unadziwa bwanji iwe?"

"Mabango aja dzulo anali chiimire. Ikakhala ndi mwana sifuna zoyandikirana."

"Nanga ikulakwa chiyani? Inenso ndikanaluma."

Anafika pamtunda. Amayi anakhala pa bwato lina lovundikira, jekete ikadali m'thupi, akuyang'ana mwana wawo akukokera bwato lawo kumtunda yekha. Mikono imeneyo anaitenga liti?

"Kanjira kaja usalowemonso."

"Mpaka isamuke, sindilowamo. Ndiwauzanso anzanga."

"Chovala chonyansachi osavula, kaya kutenthe bwanji. Ndipo alendo akamalongolola, uziwatseka pakamwa momwe wanditsekera ine. Usamawaope."

"Ndiye ndisalongeze, amayi?"

"Ulongeze upite kuti? Pamsika ungagulitse chiyani iwe, munthu wotonthoza makasitomala? Tandimasule zingwezi, ndikubanika."