Theka la Njerwa ku Korinto

Foni idalira a Goliati akuthothola mtedza pakhonde. Adapukuta manja m'thalauza n'kutsimphinira pachulu cha kuseri kwa chigafa, poti m'mudzi mwawo, kuno kwa Chiosya, netiweki imagwira bwino pokhapo.

Pagalasi padaoneka nkhope ya Dyna, mwana wawo, namwino wogwira ntchito ku Ulaya. Iyeyu ndiye adatenga amayi ake, a Stelia, kuti akayende ndi gulu la akhristu m'malo amene mtumwi adalalikiramo kalekale. Limeneli lidali tsiku lawo loyamba, m'mabwinja a ku Korinto.

"Ababa, taonani!"

Dyna adatembenuza foni. Kudaoneka mizati ya miyala itaima yokhayokha popanda denga, msewu woyalidwa miyala yoyera, ndi phiri lathanthwe kumbuyo kwake. Kenako a Stelia adatulukira, atavala chitenje chawo chabuluu chogula ku Chipata.

"Bambo a Dyna, ndi bwinjatu ili! Mzinda uja timaumva paguwa, lero mukusewera abuluzi. Koma amisiri ake adali amuna, Kefasi mmisiri wanuyo abwere adzaphunzire."

A Goliati adaseka, maso atalengeza misozi. "Mulungu ndi wabwino. Make Dyna, zija musaiwale."

"Ndingaiwale bwanji?"

"Zija ziti?" adafunsa Dyna.

Nkhani yake idali iyi. Mpingo wawo unkamanga tchalitchi chatsopano, ndipo a Goliati, monga mkulu wa mpingo, adaumba njerwa imodzi ndi manja awo, n'kulembapo mtanda ndi chala ikadali yaiwisi. Itapsa muuvuni adaiswa pakati. Theka lina adapatsa mkazi wawo kuti akalisiye ku Korinto, ndipo abwereko ndi kamwala kodzaika pakona ya tchalitchi. Theka linalo adalisunga kuti adzalimangire pakonapo pamodzi ndi kamwalako. Mbale ya mnansi sibwerera yopanda kanthu, ndipo mlendo satola chinthu pakhomo pa eni ake osasiyapo chake. Makolowo sadamuuze Dyna, poopa kuti awaseka.

A Goliati adaona mkazi wawo akutsalira m'mbuyo mwa gulu. A Stelia adagwada pansi pa khoma lakugwa, adawomba m'manja pang'ono ngati wolandira mphatso, n'kutola kamwala koyera.

Wezulo idalira mwamphamvu. Idaliranso. Pagalasi padadutsa thambo, nsapato zothamanga, fumbi, kenako mdima.

"Dyna! Make Dyna!"

Adaimba, osayankhidwa. Adaimbanso. Dzuwa lidawotcha pachulupo koma sadayerekeze kutsika. Adayamba pemphero, mawu n'kuthawa, adangotsala ndi amodzi: Ambuye, nkhosa ija ndaisocheretsa ndine.

Foni italiranso, Dyna ankanong'ona.

"Tili mu ofesi ya alonda. Ababa, amayi mudawatuma chiyani? Kuno kutola ngakhale kamwala kakang'ono ndi mlandu!"

"Si abweze, mwana wanga? Abweze msanga."

"Kamwalako atilanda kale, ndipo akadangotidzudzula. Koma amasula mfundo ya chitenje, apezamo chiduswa cha njerwa cholembedwa chizindikiro. Kunonso kuli makoma akale a njerwa zofiira. Akuti amayi agumula khoma. Aitana apolisi."

"Njerwayo ndi yanga! Dothi lake ndi la kudambo kwathu kuno!"

"Ndawauza. Mkulu wa alonda akuti aliyense wogwidwa amati adabwera nacho."

"Theka linzake lili kuno."

"Lipezeni, ababa. Muwaonetse apolisi asanafike. Akangowatenga amayi, sindikudziwa kuti adzatuluka liti."

A Goliati sadadziwe kuti bondo lawo lidathamanga bwanji. Adafika pamalo omanga tchalitchi ali wefuwefu, n'kulowa m'chisakasa chimene ankapemphereramo. Pansi pa tebulo, pamene adasunga theka lija, padali popanda kanthu.

"Kefasi! Njerwa yanga ija ili kuti?"

Kefasi, mmisiri womanga, adadzutsa mutu, chipande chili m'manja. "Yamtanda ija? Ndamangira m'mawa uno, achikulire. Si munati ndi ya pakona?"

"Ndidati idikire kamwala ka ku Korinto!"

"Khoma silidikira, simenti ikasakanizidwa."

Adaloza pakona ya kummawa. Pamwamba pa njerwayo padali patakwera kale mizere ingapo, yowongoka bwino.

"Gumula."

"Mwati bwanji?"

"Gumula, Kefasi. Mayi ako akumangidwa ku Girisi chifukwa cha kamwala kamene ndidawatuma ine."

Kefasi adawayang'ana kukamwa kuli yasa. "Inunso a Goliati, dzina lanuli ndi miyala zidayamba liti kugwirizana? Simenti imeneyi ndi thukuta la amayi a mpingo. Akomiti andidya wamoyo."

A Goliati adatola hamala n'kuikweza.

"Ayi, ayi, ayi!" Kefasi adawagwira mkono. "Mukaiphwanya muwaonetsa chiyani, fumbi? Patseni kuno."

Adayamba pamwamba, kuchotsa njerwa imodziimodzi, ntchito yake ya m'mawa wonse ikugwera pansi. Atafika pa yamtanda adasiya hamala, n'kumakanda simenti ndi nsonga ya chipande pang'onopang'ono ngati akuchotsa minga kuphazi la mwana. Foni idalira m'thumba la a Goliati n'kuduka. Apa netiweki sinkagwira.

"Fulumira!"

"Mukandifulumizitsa isweka. Imbani nyimbo kaya, musandipumire m'khosi."

A Goliati adayambadi kung'ung'udza nyimbo ya pa mgonero, mawu akuthothoka. Njerwa idagwedezeka, n'kutuluka yosasweka. Adaitsuka m'diramu la madzi, Kefasi adawakweza pakaliyala ya njinga yake, n'kupalasa kudutsa m'minda yokololedwa mpaka pachulu.

Pagalasi padaoneka chipinda choyera. Mipando idalimo, koma a Stelia adakhala pansi pasimenti, miyendo atatambasula, manja ali pamiyendo, monga amakhalira munthu pamlandu. Pafupi pawo padaima mayi wa imvi wovala magalasi, nkhope ili gwa.

"Ndi mkulu wa alonda ameneyu," adatero Dyna. "Aonetseni, ababa."

Kefasi adawagwirira foni a Goliati. Iwo adakweza njerwa ndi manja awiri. Chithunzi chidauma, osasuntha.

"Kwezani foni m'mwamba! Sakuona kanthu!" adafuula Dyna.

Kefasi adakwera pansonga penipeni pa chulu, a Goliati pambuyo pake. Chithunzi chidabwerera. Mayi uja adasendeza chiduswa chake pafupi ndi foni, n'kumayang'ana uku ndi uku. Theka la mtanda lidali kwa iye, theka lina kuno. Adalankhula mawu ochepa, osamwetulira.

"Akuti mtanda aliyense atha kulemba," adamasulira Dyna. "Akufunsa kuti timizere ta m'munsiti n'chiyani."

A Goliati adayang'anitsitsa njerwa yawo. Pafupi ndi poswekapo padali kamzere kamodzi kolowa, kokhala ndi kansonga.

"Ndi tambala wathu uja!" a Stelia adafuula ali pansi pomwepo. "Adaponda njerwa zisadaume. Ndidakuuzani kuti mumutsekere, inu osamva!"

Zala ziwiri za tambala zidali ku Korinto, chachitatu chidali kwa Chiosya. Dyna adafotokoza. Mayi uja adatembenuza chiduswa chija, adachiyandikizanso, adavula magalasi. Kenako phewa lake lidayamba kugwedezeka. Ankaseka, atagwira pakamwa.

Adafunsanso funso.

"Akuti n'chifukwa chiyani munthu anganyamule njerwa ulendo wonsewu?"

A Goliati adavula chipewa. "Uwauze kuti sitidafune kuba. Uthenga udachokera kwawoko n'kudzatipeza kuno, ndiye tidati tibweze mbale ili ndi kanthu. Lamulo lawo sitidalidziwe. Wolakwa ndine, amene ndidatuma. Mayiyo adangomvera mwamuna wopusa."

Dyna adamasulira, ngakhale a Goliati adakayika ngati mawu omalizawo adawafikitsa. Mayi uja adatenga foni ya patebulo n'kulankhula m'chinenero chake kwa nthawi imene idaoneka ngati chaka. A Goliati adagwira phewa la Kefasi.

"Ababa," Dyna adapumira m'mwamba, "awauza apolisi kuti asabwere."

Mayi uja adawerama n'kudzutsa a Stelia ndi manja ake. Adawapatsa chiduswa chija, n'kunena mawu ena akugwedeza chala.

"Akuti pamalo pano sipachoka kanthu ndipo sipasiyidwa kanthu. Kamwala kaja apita nawo amayi akakabweze pamene adakatola. Njerwayi ibwerere kwawo."

A Stelia adamanganso chiduswa chija pamfundo ya chitenje, n'kuyandikira foni. "Bambo a Dyna, mtedza uja mwamaliza?"

"Ndikumaliza, mayi."

"Bodza. Tikapezana."

Foni itaduka, a Goliati adagwada pachulu pomwepo, njerwa ili pachifuwa. Kefasi adavula kapusi n'kudikira mpaka adamva ameni.

"Nanga kona ija, achikulire? Nditsekepo ndi njerwa ina?"

"Bwezera iyi pamalo pake," adatero a Goliati, akumupatsa. "Pambali pakepo usiye mpata wa theka. Mwini wake wafika kale ku Korinto, tsopano akubwera."