Chimbale cha M'bale

Ine ndimagulitsa mbale, makapu ndi mapoto mumsika, ndipo za nyimbo sindizitsata. Mawu akuti chimbale ndinayamba kuwamva kwa mwana wanga wamwamuna. Ndinamuyankha kuti zazikulu zatha, abwere mawa. Anaseka mpaka kugwira pamimba, kenako anandiuza kuti chimbale ndi nyimbo za woyimba mmodzi zoikidwa pamodzi.

Mwanayu timamutcha Khutu, chifukwa ali wamng'ono ankagona khutu lili pa wailesi. Pano wailesi ndiyo imamudyetsa, amaulutsa pulogalamu ya nyimbo. Chaka chikamatha amasankha zimbale khumi zimene zamugwira mtima, ndipo achinyamata amatchera khutu ngati akulengeza zotsatira za mayeso.

Chaka chino mzime wanga, mlongo wake wa Khutu, naye anatulutsa chimbale. Mtsikanayu akayamba kuyimba pa mpopi, ngakhale amayi okanganirana mzere amakhala chete. Chaka chonse ankaluka anthu tsitsi mu saluni, akaweruka n'kuthamangira ku situdiyo. Zala zinatupa, iye osadandaula.

Tsiku la pulogalamuyo anabwera pa benchi yanga atavala diresi latsopano. Mnzanga wogulitsa nsapato anakweza wailesi kuti mzere wonse umve. Khutu anayambira pa nambala khumi. Akatchula dzina la wina, mzime ankandinong'oneza kuti achimwene amusungira pamwamba. Sukulu ndinalekera panjira, koma kuwerenga mpaka khumi ndimatha, ndipo ndinkaona malo akutha. Pa nambala wani anatchula anyamata ena okuwa ngati oitanira basi.

"Mwina wanu ali pa nambala ziro, mayi, yoposa zonse," anatero wa nsapato.

Mzime sanalire. Anangonyamuka. Nditamutsatira kunyumba ndinapeza akupinda zovala m'chikwama. Anati m'mawa akupita kwa azakhali ake, kuyimba wasiya, ndipo sangakhalenso nyumba imodzi ndi munthu amene wamuvula pagulu.

Sindinakhale pansi. Ndinakwera basi ndi epuloni yanga yomweyo. Pa geti la wailesi mlonda anafunsa ngati ndinapangana ndi munthu. Ndinamuuza kuti amene ndikumufunayo ndinapangana naye asanabadwe, ndipo ndinadutsa.

Khutu ndinamupeza m'kachipinda kopanda zenera, makoma ake omatidwa masiponji ngati matiresi akale. Anavula zomverera m'makutu n'kuimirira.

"Amayi, kwagwanji?"

"Kwagwa iwe. Bwerera pa chinthu chakocho ukanene kuti unalakwitsa. Mlongo wako nambala firii."

Anati sizitheka, pulogalamu yatha. Ndinatsika mpaka faifi. Anapukusa mutu. Ndinamuuza kuti ine ndatsitsapo anthu a m'magolosale amene ndevu zawo n'zazitali kuposa zake, ndiye asandionetse msana wa njira. Ndinamupatsa mtengo womaliza: nambala khumi, achotse mmodzi mwa okuwawo, palibe angadziwe.

"Amayi, pano ndimasankha chimbale, sindisankha m'bale."

Magazi anandithamanga. Ndinamukumbutsa kuti ndi mlongo wakeyo amene ankamuchapira malaya a sukulu ine ndili kumsika, amene amamusungira chakudya akachedwa. Iye anandikumbutsa tsiku limene amalume ake anabweretsa katoni ya mbale zadothi kuti ndiwagulitsire. Akuti ndinagogoda imodzi imodzi ndi chala, zonse zikulira mogonthera chifukwa cha ming'alu, ndipo ndinawabweza nazo ngakhale anali mlongo wanga weniweni.

"Usandiphunzitse mbale zanga," ndinatero. "Mwana wanga alibe mng'alu."

Khutu anangodina batani, nyimbo inayamba. Ng'oma zinkagunda ngati munthu akukhoma malata. Pansi pake panali timawu tonjenjemera, ngati udzudzu wotsekeredwa m'botolo. Ndinamuuza azimitse, sindinabwere kudzamvera zinyalala za anthu ena, aike ya mlongo wake.

"Ndi imeneyi, amayi."

Ndinamuyang'ana. Ndinamuuza abwereze. Chimbalecho ndinali nditangochimvera pa foni mumsika, pakati pa phokoso, ndikupereka chenji. Pano ndinamvetsera bwinobwino, koma mwana amene ndinamubereka ndekha sindinamupezemo. Khutu anati wa situdiyo anapititsa mawuwo m'makina owongolera mawu, pomwe panalibe chokhota, mpaka anawapha.

Mkwiyo sunathe, unangopeza njira ina.

"Unadziwa liti?"

Anati kuyambira tsiku limene chinatuluka.

"Ndiye miyezi yonseyi mukudya mbale imodzi, pakamwa pako panali chiyani? Pa wailesi umalankhula ngati wameza batire, kunyumba ndiwe bubu? Unadikira kuti avale diresi, akhale pakati pa msika, ndiye umuuze ndi kusamutchula?"

Anayang'ana pansi. Anati ankaopa kumupweteka. Ndinamuuza kuti wamupwetekadi mwaulemu, chikwama chili pakhomo.

Apo ndinayambanso malonda. Ndinamuuza kuti khumi akewo akhale nawo, sindikuwafunanso. Koma kwa ine munthu akagula mbale khumi sachoka wopanda banyira, ndimamuikirapo kasupuni kaulere. Banyira ya pulogalamu yake ikhale mlongo wake, abwere m'kachipinda komweko ayimbe ndi pakamwa pake, popanda makina. Anayamba zoti akafunse abwana. Ndinafunsa ofesi ya abwanawo kuti ili mbali iti. Anati basi, akonza yekha, pulogalamu ya sabata yamawa.

"Sindinathe. Ukamuuze wekha zimene wandiuzazi, lero, maso ndi maso."

Tinakwera basi imodzi. Kunyumba ndinawatsekera pabalaza, ine n'kukhala pakhonde. Ndinamva mawu a Khutu pansipansi, kenako a mzime pamwamba. Anamutcha wamantha, anamutcha wanjiru, anati makutu ake ndi okongoletsera mutu. Chinachake chinasweka. Nditalowa ndinapeza ndi kapu yanga ya tiyi, ndipo ndinawakalipira onse awiri.

M'mawa mzime sanapite kwa azakhali. Chikwama sanamasule, ndipo mchimwene wakeyo sanamupatse moni sabata yonse. Koma ndinkamumva kubafa akubwereza nyimbo imodzi, mwaukali, ngati akuichapa.

Tsiku la pulogalamu anavala diresi lomwe lija. Ine ndinali pa benchi. Khutu anati lero kuli mlendo amene chimbale chake sichinalowe m'gulu la khumi. Mzime anamudula pakamwa.

"Anthu akudziwa kale, achimwene. Tsegulani chinthucho ndiyimbe."

Anayimba. Mayi wina amene ankanditsitsa mtengo wa poto anasiya pakati, poto ali m'manja. Wa nsapato anakweza wailesi popanda womuuza. Nyimbo itatha anafunsa kuti mwanayo ndiye ali pa nambala chani tsopano. Ndinamuuza ayang'anire benchi yanga, asiye kufunsa za manambala.

Ndinasankha mbale imodzi ya mng'alu pansi pa benchi, ndinaiika m'thumba kuti ndikamugogodere amene anapha mawu a mwana wanga. Wa situdiyo ndinali ndisanamuonepo nkhope, koma njira ndinali nditafunsa kale.