Kuchipatala Kuli Mpongozi

Usiku umenewo amuna anga anatuluka panja kasanu ndi kawiri, ine ndikuwerenga. Chitseko kwee, mapazi kulowera kuseri kwa nyumba, kenako zii kwa nthawi yaitali, n'kubwerera akupuma ngati asenza thumba la chimanga. Ulendo wachisanu ndi chitatu sanatuluke n'komwe. Anangogwira chitseko atawerama, dzanja lina lili pansi pa mchombo.

"A Dzonzi, chavuta n'chiyani?"

"Gonani, Nachisale. Ndi m'mimba chabe."

Ndakhala nawo zaka makumi anayi bambo amenewa, bodza lawo ndimalidziwa lisanatuluke pakamwa. Ndinayatsa tochi. Unali mwezi wa Juni, kunja kukuzizira koopsa, koma iwo thukuta lili kamukamu. Ndinawapanikiza ndi mafunso mpaka anaulula, maso ali kukhoma: kuyambira m'mawa anali asanatayeko madzi ngakhale dontho. Mkodzo unatsekeka. Nditagwira pachinena ndinapeza patatupa, pali gwa.

"Kuyambira m'mawa? Nanga tsiku lonseli munali kuti, chipatala chili chotsegula?"

Anali ku msonkhano wa akulu a mpingo, pampando wakutsogolo, kuweruza nkhani za mabanja a eni, iwo akupsa m'kati. Pobwerera anadzera pa okala n'kugula mapiritsi opha ululu. Ataona kuti sizikuthandiza anapita kwa a Chimkwende, amene amadziwa mizu, ndipo anawapatsa botolo la madzi owawa, ati amwe onse kuti akakankhe. Anamwadi onse. Mtsuko wadzaza kale, munthu wamkulu n'kumathiramo ena. Ndinapsa mtima, sindibisa.

"Valani jekete, tizipita."

Chipatala chathu chaching'ono chili kutsidya kwa dambo, ulendo wa theka la ola pansi. Masana kumakhala dokotala wamwamuna, koma akaweruka amakwera njinga yake yamoto kukagona ku boma. Usiku kumatsala namwino mmodzi, wolandira amayi odzachira ndi aliyense wobwera mwadzidzidzi. Sabata imeneyo namwino wausiku anali Nangozo, mkazi wa mwana wathu Welosi.

Kuti mumvetse, a Dzonzi ndi munthu wa mwambo mpaka kuonjeza. Zaka zisanu ndi ziwiri chikwatiwire Nangozo pakhomo pano, anali asanakhalepo naye pamphasa imodzi. Mwanayo akafuna kupereka moni ankagwada patali, patsinde pa mtengo wa mango, iwo n'kuyankha nkhope itayang'ana kumbali. Akakumana panjira, wina ankapatukira kutchire. Ngakhale kapu ya madzi inkayamba yadzera m'manja mwanga. Ndiwo ankalangiza anyamata m'mudzi muno za kuopa apongozi, ndipo ankanyadira nazo.

"Kumeneko ayi," anatero. "Mpongozi wanga andione ine? Malo ake amenewa? Bola kufa."

"Musatchule imfa usiku."

"Kukacha tikwera minibasi ya ku boma. Kumeneko kuli amuna anzanga."

"Minibasi yoyamba imadutsa sikisi koloko. Panopa teni sinakwane."

"Ndipirira."

Ndinayesa mnyamata wa njinga yamoto amene amanyamula anthu, foni yake inali yozimitsa. Kachipatala kolipira ka pamsika anali atatseka dzuwa likulowa, mwini wake amakhala kutali. Nditati ndimuimbire Nangozo kuti angotiuza chochita, anandilanda foni n'kuiponya pansi pa pilo.

"Mukatero, Nachisale, mwandivula pamaso pa mudzi wonse."

Ndiye tinakhala. Iwo pansi atatsamira khoma, miyendo atatambasula, akubuula chapansipansi kuti anansi asamve. Ine pabedi, kuwayang'ana. Ukali uja unatha, m'malo mwake munalowa mantha. Ndinaona kuti bambo awa atha kundifera m'manja, chipatala chili apo, nyali yake ikuoneka ukaima pachulu kuseri kwathu. Welosi ali ku Lilongwe kuntchito. Ndikanamuuza chiyani mwanayo, kuti bambo ako anafa chifukwa choopa mkazi wako?

Cha m'ma wani koloko kubuula kunaleka. Mutu wawo unagwera pachifuwa, tulo ta kutopa tinawaba. Ndinasendera kuti ndimve ngati akupuma. Ndipo ndinaona chinthu chachilendo: ali m'tulo chomwecho anatambasula manja onse awiri m'mbali, n'kuwongola khosi, monga amachitira munthu telala akamamuyeza.

Zimene anaona anandiuza pambuyo pake, ndipo mpaka lero sanasinthepo liwu.

Anapezeka ali pakhonde la sitolo yakale ya kwawo, imene inagwa kalekale. Kunja kunali mdima wopanda mwezi kapena nyenyezi, koma pakhondepo panali koloboyi akuyaka, moto wake uli njo, osagwedezeka ngakhale mphepo inkawaomba m'miyendo. Anamva fungo la mafuta a makina ndi la nsalu yatsopano yosachapa. Kenako anamva makinawo, aja opondera ndi phazi, akulira pang'onopang'ono, tcheke, tcheke, tcheke. Palibe galu anauwa, palibe kachilombo kanalira. M'dziko lonse munali phokoso lokhalo.

Pamakinapo panali bambo awo, a Zakeyu, amene anali telala ndipo anamwalira Welosi asanabadwe. Anavala malaya awo a khaki, tepi ili m'khosi, magalasi omanga ndi ulusi ali pamphuno. Koma mimba yawo inali yotupa, mabatani akumunsi osamanga. Ankasoka nsalu yoyera, yaitali, imene inkatsika pamakina n'kuunjikana pansi. Inawakhudza a Dzonzi kuphazi, ndipo inali yozizira ngati yochokera m'madzi.

A Zakeyu anaimitsa makina n'kudzuka movutika, atagwira pamimba.

"Ima bwino, Filimoni, ndikuyeze."

A Dzonzi anatambasula manja. Koma tepi sinapite m'chiuno kapena m'mapewa. Anaiyika pamutu, n'kuitsitsa mpaka kuchala cha kuphazi, n'kuonjezerapo pang'ono pomangira.

"Ndi ya chiyani nsaluyi, bambo?"

"Ukuidziwa. Yonga iyi unakandigulira ndiwe."

Mkuluyo anakhalanso pansi, n'kuwayang'ana pamwamba pa magalasi, osati mwaukali koma mwachisoni.

"Munalengeza pamaliro kuti ndi malungo. Sanali malungo. Chimene chakugwira iwechi n'chimene chinandigwira ine. Ndinabisa masiku atatu, chifukwa kuchipatala cha mishoni kunali akazi okhaokha. Tsiku lachinayi amuna anayi anandivula, n'kundisambitsa, n'kuona zonse zimene ndinkabisa."

"Koma bambo, ndi mpongozi wanga. Mwambo munandiphunzitsa ndinu."

"Ndinakuphunzitsa kumulemekeza. Ukafa usiku uno, mwana ameneyo adzayenda moyo wake wonse akudziwa kuti unasankha manda pothawa manja ake. Umenewo ndiwo ulemu?"

Anayika phazi pachopondera. A Dzonzi anayang'ana ulusi pamwamba pa makina, unali utatsala pang'ono, mtengo wake ukuonekera.

"Tambala akalira ndimaliza," anatero a Zakeyu. "Usandisoketse nsalu ya mwana wanga."

Makina anayambanso, tcheke, tcheke, tcheke.

A Dzonzi anadzidzimuka akugwira khosi lawo. Anayang'ana uku ndi uku m'chipinda, kenako anandiyang'ana ine, maso ali tuzu.

"Mukuwamva makinawo?"

"Makina ati?"

"Tambala walira?"

"Sanalire."

"Ndipatseni jekete."

Sindinafunse kanthu. Munthu wouma mutu akatembenuka yekha sumufunsa chifukwa, angasinthenso. Ndinatenga buku lawo la kuchipatala ndi tochi, n'kuwakoleka dzanja paphewa langa.

Ulendo wa theka la ola tinayenda ola lathunthu ndi kanthu. Mame a m'dambo anatinyowetsa mpaka m'mawondo. Tikayenda pang'ono ankaima, kuwerama, kukukuta mano. Maloto aja anandifotokozera momwemo, zidutswazidutswa, ndipo kawiri konse anatembenuka kumvetsera kumbuyo. Ine amene ndinalira nawo maliro a apongozi anga aja, ndikukhulupirira kuti anali malungo, zimenezi ndinali kuzimva koyamba. Zaka zonsezi banja lonse tinali kubwereza bodza la munthu wamanyazi.

Mlonda atatitsegulira, Nangozo anatuluka m'chipinda cha amayi, atavala yunifolomu yake yoyera, chitenje atamanga pamwamba chifukwa cha kuzizira. Atationa anaima. Kenako anagwada pasimenti pomwepo, patali, monga amachitira kunyumba.

"Kwagwanji, amayi?"

A Dzonzi anayang'ana kumbali. Ndinanena ndine, zonse, mapiritsi a pa okala ndi botolo la a Chimkwende lomwe. Mwanayo sanadabwe, sanadzudzule munthu. Anafunsa kuti zayamba nthawi yanji, ndipo nditamuuza ndinaona nkhope yake ikusintha.

"Adokotala abwera mawa, koma izi sizingadikire mawa. Impso zingawonongeke. Pafunika kuika kachubu kuti madzi atuluke, ndipo pano woika ndine ndekha."

Ndinamva dzanja la amuna anga likulimba paphewa langa, ndipo ndinati basi, abwerera. Koma anagwedeza mutu kamodzi, kuvomera.

Apo Nangozo anamasula chitenje chake n'kuchipinda. Sanapereke kwa iwo, anapereka kwa ine, ndi manja awiri.

"Amayi, akagona pabedi muwafunditse kumaso. Inu mukhale kumutu kwawo, muzicheza nawo. Ine sindiyankhula kanthu mpaka nditamaliza, kuti asamve mawu anga."

Zinatero. Ndinawafunditsa chitenje cha mpongozi wawo, n'kukhala kumutu, n'kuyamba kubwebweta za mbuzi yathu yothyola khola, za denga lodontha, zilizonse zobwera pakamwa. Kumapazi kunkangomveka tizitsulo ndi mapepala. A Dzonzi anandifinya dzanja mpaka ndinati lithyoka. Kenako ndinamva madzi akuyenda, ndipo thupi lawo lonse linamasuka, n'kupuma mpweya wautali umene sindidzauiwala. Chitenje chija chinayamba kunyowa pamalo pa maso. Ndinapitiriza nkhani ya mbuzi ngati sindikuona.

Tambala woyamba analira Nangozo akusamba m'manja.

Analemba kalata yoti tipite nayo ku boma, chifukwa chotseka njirayo chinafunika madokotala aakulu achione. Anandiuza ine, osati iwo, kuti matendawa amagwira amuna ambiri akamakula, ndipo ena amafika mochedwa chifukwa chodikira kuti kuche. Tinakwera minibasi ya sikisi koloko ija, koma tinakwera munthu atakhala bwinobwino pampando, osati atanyamulidwa.

Titabwerako patatha masiku anayi, m'mawa a Dzonzi anakhala pakhonde kuothera dzuwa. Nangozo anabwera, n'kugwada pamalo pake pa nthawi zonse, patsinde pa mango.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

Mawu ake anali omwe aja a masiku onse, ngati usiku uja sunachitike. Mpaka lero sanauzepo munthu, ngakhale mwamuna wake anamva kwa ine.

Ndinadikira kuti a Dzonzi atembenukire kumbali. Sanatembenuke. Pamiyendo pawo panali chitenje chija, chimene tinachoka nacho kuchipatala, iwo n'kuchichapa okha mbandakucha, kuseri kwa bafa, akuyesa kuti ine ndili m'tulo.

"Ndadzuka, mwana wanga. Senderani kuno."

Nangozo anandiyang'ana, ine ndinayang'ana nkhuku. Anasendera chogwada mpaka pafupi ndi khonde. A Dzonzi ananyamula chitenjecho ndi manja awiri, ndipo sichinadzere kwa ine. Anachiika m'manja mwake.

Usiku wake, tochi nditazimitsa, ndinawafunsa ngati makina aja akuwamvabe. Anatchera khutu.

"Ayi," anatero. "Bambo aweruka."