Ukwati wa Mlamu pa Chimbale

Pa mzere wina wa mashopu, pakati pa wosoka nsapato ndi wogulitsa machaja, panali kachipinda kamene anthu ankangoti kwa Achemwali a Zimbale. Munali tebulo limodzi, kompyuta yolira ngati ili ndi chifuwa, ndi mulu wa zimbale zopanda kanthu. Mwini wake anali mayi wamfupi, wachangu pakamwa, ndipo anali ndi lamulo limodzi limene linkamuyambanitsa ndi aliyense: chimbale sichituluka pakhomo pake asanachiyese pa deki ya kasitomala. Ukafuna kubenetsa vidiyo pa chimbale, nyamula deki yako ubwere nayo. Ankati anatopa ndi anthu obwerera atatupa masaya kuti kunyumba chakana.

Lachitatu lina m'mawa, lamulolo linamubweretsera apongozi ake enieni. Mdalayo, amene anakalambira pa ntchito yometa anthu, analowa atafungatira deki yokulungidwa m'thaulo ngati khanda lochokera kosamba. Kumbuyo kwake kunali mwana wake, mwamuna wa Achemwali, dalaivala wa lole, akuwefuka ndi kanema wamkulu wa kunyumba kwa bambo ake.

"Kanemayo nayenso akudwala?" anafunsa Achemwali.

"Wanuyo ndi wamng'ono, apongozi," anayankha mdalayo. "Ine ndikufuna kuona mwana wanga, osati nyerere."

Nkhani yake inali iyi. Mlamu wa Achemwali, chitsiriza wa mdalayo, anali namwino kutali kwambiri, ndipo anakwatiwa komweko. Bambo ake sanathe kupita. Vidiyo ya ukwati inabwera pa foni, koma pa foni mdalayo ankangoona utsi. Diso lamanzere linafa kalekale, lamanja linali litachita ng'ala, ndipo mawa lake m'mawa ankapita ku opareshoni. Adokotala anati ndi kantchito kochepa, koma iye sankakhulupirira munthu aliyense wogwira mpeni pafupi ndi nkhope, poti anaugwirapo yekha zaka makumi anayi. Anali ndi mantha, ndipo sankabisa.

"Akalakwitsa mawa, basi kwatha," anatero akukhala pa mpando. "Ndikufuna ndimuone lero, diso lidakalipo."

Achemwali anamva chisoni. Koma chisonicho sichinachedwe, chifukwa mwamuna wake anatulutsa m'thumba zimbale zitatu n'kuziika pa tebulo akuyang'ana kudenga.

"Izi n'chiyani, bambo a ana?"

"Ndinayesako pa laputopu ya mnzanga. Zonse zakana."

"Inu! Mkazi wanu ntchito yake ndi yomweyi, inu n'kukabenetsa kwa mnzanu?"

"Ndimafuna ndikudabwitse."

"Mwandidabwitsadi."

Anaika chimodzi mu kompyuta n'kuseka mpaka kugwira tebulo. Bamboyo anangotenga fayilo ya pa foni n'kuiponya pa chimbale momwemo, ngati akulongedza matumba mu lole.

"Deki iyi ndi yakale, siidziwa mavidiyo a pa foni," anafotokoza Achemwali. "Fayiloyi iyenera kusinthidwa kaye ikhale ya mtundu umene deki imawerenga. Si zongothira ayi."

Anayamba ntchito. Kompyuta inabuula, kamzere kobiriwira kakukwawa pang'onopang'ono. Mdalayo ankafunsa mphindi iliyonse ngati zapsa. Achemwali, pofuna kusawononga chimbale, anayamba waonetsa fayilo yosinthidwayo pa kanema wamkulu uja kudzera pa waya wa kompyuta. Mdalayo anakokera mpando pafupi mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi.

Kalanga ine! Anthu onse a pa ukwati anatuluka ataliatali, owonda ngati mitengo ya magetsi.

"Mkamwini wanga ndi ameneyu?" anakuwa mdalayo. "Akudwala uyu! Mwana wanga wakwatiwa ndi wodwala wake wa kuchipatala?"

"Ayi, bambo, ndalakwitsa muyeso wa chithunzi. Dikirani ndimunenepetse."

"Munenepetseni ndithu. Kumeneko sakudya."

Anakonza muyeso n'kuyambiranso. Ulendo uno mkamwini anatuluka wathanzi, wa masaya ake. Koma mawu anatsalira m'mbuyo. Mkwati akatsegula pakamwa pamamveka zii, ndipo mawu ake a besi amatulukira pakamwa pa mkwatibwi. Wosoka nsapato, amene anali atasuzumira pakhomo ndi nsapato m'manja, anaseka mpaka kukhala pansi.

"Koma mwana wanu wakula, madala," anatero. "Mawu ngati injini!"

"Iwe, kasoke nsapato zako uko," anamukalipira mdalayo, koma nayenso mapewa akugwedezeka.

Achemwali anapukuta thukuta. Mavidiyo a pa foni amatero, liwiro lake silikhazikika, pena kuthamanga pena kuzengereza, ndiye mawu ndi chithunzi zimasiyana njira. Anaumiriza liwiro limodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, n'kusinthanso kachitatu. Dzuwa linali litafika pamutu. Fayilo itatuluka bwino, anaibena pa chimbale mosathamanga, chifukwa madeki akale sagwirizana ndi zimbale zobenedwa mwaphuma. Analemba pamwamba ndi cholembera chakuda, n'kuchilowetsa mu deki ya apongozi.

Deki inameza chimbale, inalira kuti gwirigwiri, inaganiza, kenako inachilavula.

Anachibwezera. Inachilavulanso.

"Waona?" anatero mwamuna wake, nkhope ikuwala ngati wawina mpira. "Nawenso chakukana!"

"Khalani chete inu, musanandipsetse mtima."

Anayesa chimbalecho pa deki yake ya mu shopu. Chinasewera bwinobwino. Apa anawauza apongozi kuti angoonera pomwepo basi. Koma mdalayo anapukusa mutu.

"Ndikafuna kukaoneranso kunyumba madzulo ano? Apongozi anu aakazi nawonso akudikira, miyendo ija sangafike kuno. Ndinawalonjeza kuti tionera limodzi."

Achemwali anakokera deki ya apongozi pafupi. Anatenga sikuludiraiva n'kumasula chivundikiro cha deki. Atangotsegula, fungo linamupeza, fungo limene ankalidziwa bwino kuyambira tsiku limene anakalowa koyamba m'nyumba ya apongozi ake. Mkati monse munali noninoni. Anagwira ndi chala, n'kununkhiza.

"Bambo, mafuta awa afika bwanji muno?"

"Ndimathira ine," anayankha mdalayo monyadira. "Loweruka lililonse. Madontho atatu pa kakhomo kolowera chimbale."

"Mafuta a makina ometera?"

"Nanga ena ati? Makina osathira mafuta amafa, apongozi. Anga aja ndagwiritsa ntchito zaka makumi awiri, mpaka lero amalira ngati atsopano."

Mayi wanga ine! Achemwali anafuna kukalipa, koma munthu ungakalipire bwanji apongozi ako pamaso pa wosoka nsapato? Anangoluma mlomo, misozi ya kuseka ikulengeza. Anawaitana kuti ayandikire, n'kuwalozera kagalasi kakang'ono ngati njere ya mphesa, kamene kamawerenga chimbale. Kanali katakutidwa ndi mafuta osakanikirana ndi fumbi.

"Aka ndi kadiso kake. Mwakadzoza mpaka sikakuonanso."

Mdalayo anawerama n'kusuzumira kagalasiko.

"Ndiye kuti ndaichititsa khungu ndine?"

"Mwaikonda mopitirira, bambo."

Panafunika sipiriti ndi thonje, ndipo Achemwali zake zinali zitatha. Mdalayo anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kabotolo ndi kampukutu ka thonje. Wometa amapuma ntchito, koma matumba ake sapuma. Achemwali anakulunga thonje pa kamtengo ka machesi, ananyowetsa pang'ono, n'kupukuta kagalasiko mosamala, dzanja lili phee. Mdalayo ankayang'anitsitsa, atagwira mpweya.

"Osakanikiza," ananong'ona. "Pang'onopang'ono."

"Sindikukanikiza, bambo."

"Dzanja lanu ndi labwino. Mukanakhala wometa."

Chiyambire kukwatiwa, aka kanali koyamba kuti apongozi ake ayamikire ntchito ya manja ake, ndipo Achemwali anasangalala ngati mwana. Anapukutanso mafuta m'mbali monse, anadikira kuti muume, n'kubwezera chivundikiro.

Deki inameza chimbale. Inalira, inaganiza. Nayenso wogulitsa machaja anali ataima pakhomo kudikirira. Kenako nyimbo inayamba, ndipo pa kanema panatuluka khomo lalikulu lokongoletsedwa ndi maluwa.

Palibe anaombera m'manja, chifukwa onse ankayang'ana mdalayo. Anatseka diso lakufa lija ndi chikhatho mwachizolowezi, n'kusendeza nkhope pafupi. Mkwatibwi analowa pang'onopang'ono, atavala zoyera. Atafika pafupi ndi wojambula anaima, anakweza nsalu ya kumaso, n'kuyang'ana molunjika.

"Ababa," anatero, mawu ndi milomo zikuyendera limodzi, "ndikudziwa kuti muonera. Mwandiona mmene ndatchenera?"

Mdalayo anadzuka pa mpando, anakonza jekete lake, n'kumanga batani.

"Ndakuona, mwana wanga," anayankha mokweza. "Ndakuona bwinobwino. Watchena."

Dalaivala uja anatulukira panja, akuti kukaona ngati lole ili bwino, chonsecho lole anaisiya kunyumba. Achemwali anaimitsa vidiyo pomwepo, nkhope ya mlamu wake itadzaza kanema yense, chifukwa nayenso misozi inkamutchinga kuona bwino mabatani. Mdalayo anaima choncho nthawi yaitali, akuyang'ana kuyambira pa chipumi mpaka pa chibwano ngati akuloweza.

Kenako anapukuta tsaya ndi thaulo lija, n'kutembenuka.

"Zimitsani, apongozi. Kotsalako ndikaonera ndi amayi anu, ndisawadyere." Anapumira m'mwamba, n'kumwetulira. "Mawa adokotala achite zimene akudziwa. Ine mwana wanga ndamuona."