Nambala Imene Arvid Sanalembe

"Ungolemba faifi," anatero Leif, akukankhira mapepala kwa mlongo wake. "Faifi, seveni, teni, ndani adzawerenge n'komwe? Lemba, usayine, tiwatumizire anthuwa nkhani ithe."

Corinne sanawakhudze mapepalawo. Anali chiimire pa zenera la kukhitchini, jekete lili m'thupi ngati munthu wodikira basi. Chiikireni maliro a bambo awo Lolemba, anali asanakhalepo pampando kwa mphindi khumi zathunthu. Anali atachotsa chipale chofewa pakhomo kawiri ngakhale sichinagwenso, ndi fosholo yomweyo imene bambo ake anagwa nayo mtima utaima. Anali atasanja m'firiji mbale zonse za mbatata ndi nyama yogaya zimene azimayi a ku tchalitchi anabweretsa, kenako n'kuzisanjanso. Ili linali Lachitatu. Ndege yobwerera ku Seattle inali ya mawa lake m'mawa.

"Sindisayina chinthu chimene sindinachiyese," anatero.

"Ndiye chiyese!"

"Sindikufuna."

"Aaa, koma iwe ndi Abambo! Mitu yanu anaumba ndi konkire imodzi."

Marlys, mayi awo, anali kumapeto kwa tebulo akulemba makadi othokoza anthu amene anabwera kumaliro. Sanadzutse mutu.

Bambo awo, Arvid Sorenson, anagwira ntchito ya mapulogalamu a kompyuta zaka makumi atatu kuno ku Rochester, ndipo atapuma analemba buku limodzi lokha. Linali lophunzitsa kumanga mapulogalamu otumikirana: ina yosunga mayina a ogula, ina yolandira maoda, ina yotumiza katundu, iliyonse payokha koma akuitanana ina ikafuna thandizo la inzake. Mabuku otere ali mbwee, ndipo ambiri, tisabisane, ndi zinyalala zokhazokha. Munthu ukopera chitsanzo, kuchiika pa kompyuta, chimangokuyang'ana. Mwini wake sanachiyesepo, anangochilota. Arvid zimenezi ankadana nazo koopsa. Chitsanzo chilichonse ankachitaipa yekha kuchokera papepala, chilembo ndi chilembo, ngati wophunzira wa tsiku loyamba, kuti aone ngati chikuyendadi. N'chifukwa chake anthu ankalikhulupirira bukulo ndi maso otseka.

Koma mutu wachinayi unali ndi chilema. Unkaphunzitsa kuti pulogalamu ikaitana inzake osayankhidwa, iitanenso pompo, iitanenso, mpaka iyankhe. Pa desiki ya Arvid chitsanzocho chinkayenda bwinobwino, chifukwa pa desiki palibe chimene chimatopa. Ku kampani imene Corinne ankagwirako ntchito anthu anachikopera momwe chinalili. Tsiku lina pulogalamu ya maoda inachedwa pang'ono, ndiye anzake onse anaiunjirira, kuitana kambirimbiri pa sekondi imodzi, mpaka inakomoka n'kukokera ena onse pansi. Kampani inaima tsiku lathunthu. Amene anabweretsa bukulo ku ofesi, akulitama kuti ndi la bambo ake, anali Corinne.

Anawalembera bambo ake kawiri. Yankho linali lija limene aliyense wa ntchito imeneyi analinenapo n'kudzachita nalo manyazi: "Pa kompyuta yanga chikuyenda." Corinne atapsa mtima anapita pa intaneti, pamene ogula mabuku amaperekapo nyenyezi, n'kupereka ziwiri zokha mwa zisanu. Anafotokoza cholakwacho mzere ndi mzere, pansi pake n'kulemba dzina lake lonse. Atabwera kunyumba Seputembala wa chaka chimenecho, chakudya chisanathe n'komwe, Arvid anati: "Amene sanalembepo buku ndi amene amadziwa kulemba, eti?" Corinne anasiya foloko m'mbale, n'kutenga chikwama. Papita zaka ziwiri ndi miyezi isanu, ndipo awiriwa sanalankhulanenso.

Tsopano buku linali litakonzedwanso kuti lituluke kachiwiri. Mkonzi wake, mayi Delgado, anaimba foni Lachiwiri, kupepesa maliro kaye, kenako n'kunena chimene anaimbira. Mutu wachinayi Arvid anaulembanso wonse, koma anasiya mpata pa mzere umodzi, pofunika nambala. Anasiyanso mawu akuti mutuwo usasindikizidwe Corinne asanauyese n'kusayina. Pofika Lachisanu ukapanda kubwera, osindikiza atulutsa bukulo ndi mutu wakale uja, chilema chake chili momwemo, dzina la Arvid lili pachikuto.

"Ukudziwa chimene akuchita Abambo apa?" anatero Corinne, akutembenuka. "Akundiseka. Akuti katswiri wa nyenyezi ziwiri uja amalize yekha, tione."

"Munthu ali m'manda akusekeranji?" anatero Leif. "Ine ndimagulitsa mathirakitala, zanu za mapulogalamu olankhulana sindizidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti anathera zaka ziwiri m'chipinda cha pansi chija. Khirisimasi anadyera komweko. Ndiye zonsezo zipite m'madzi chifukwa choti mwana wawo wakwiya?"

"Usandiuze za kukwiya iwe. Unali kuti pamene anthu makumi anayi ankandiyang'ana ku ofesi?"

"Ndinali kuno, ndikuwatengera kuchipatala. Iwe unali kuti?"

"Leif," anatero Marlys, osakweza mawu.

Corinne anatsegula firiji, n'kuitsekanso osatengamo kanthu. Chimene chinkamusowetsa mtendere sichinali buku. Zinali zoti bambo ake anamwalira atamutaya, ndipo iye anaziona zikuchitika pang'onopang'ono.

"Amayi, anandiimbira kangati? Poyamba ankaimba pafupipafupi. Kenako mwa apo ndi apo. Kenako zii. Chaka ndi miyezi itatu osaimba ngakhale kamodzi. Munthu akamatopa nawe umaona ndithu."

"Nanga iwe unayankhapo?"

Corinne anayang'ana kunja.

"Ine ndinkawauza," anapitiriza Marlys, akumata envulopu. "Ndinkati, bambo inu, imbirani mwana. Iwo amvekere, nthawi yake sinakwane. Nthawi yanji? Osayankha. Zaka makumi anayi ndakhala nawo, liuma lawo ndinalizolowera. Tapita pansi ukanditengere masitampa, ali m'dirowa ya desiki yawo. Ine mawondowa akukana masitepe."

Corinne anadziwa kuti masitampa ena anali pa tebulo pomwepo, pansi pa chigongono cha mayi ake. Anatsika basi, poti kunali kwabwino kuyenda kusiyana ndi kuima.

M'chipinda cha pansi munkanunkhabe khofi wakale. Mabuku a anthu ena anali m'mashelefu mpaka kudenga, lililonse lili ndi timapepala totuluka m'mbali pamene Arvid anapeza chitsanzo chosayenda. Ena anali ndi timapepala tambiri moti anafufuma osatsekeka. Pa shelefu ya pansi panali buku lake lomwe, ndipo munali kapepala kamodzi kokha, pa mutu wachinayi. Corinne atakasolola anapeza kuti ndi mawu ake aja a pa intaneti, osindikizidwa, nyenyezi ziwiri zili pamwamba. M'mphepete munali cholembedwa ndi pensulo: "Akunena zoona."

Anakabwezera msanga ngati kakuwotcha. Anatsegula dirowa, masitampa osawaona, maso ali pa mapepala amene anali pa desiki. Unali mutu watsopano uja. Sanafune kuwerenga. Anawerenga chiimire, jekete lili m'thupi.

"M'buku loyamba ndinakuphunzitsani zolakwika," unayamba motero mutuwo, "ndipo ena zinakupwetekani. Mnzako akapanda kuyankha, kawirikawiri sikuti wafa. Walemedwa. Ukamamuitana mosalekeza ukungomuwonjezera katundu. Itana kamodzi, udikire. Akapanda kuyankha itananso, koma ulendo uno udikire kuwirikiza kawiri: imodzi, ziwiri, zinayi, zisanu ndi zitatu. Woona patali adzaganiza kuti ukutopa. Sukutopa. Ukumupatsa mpata woti apume."

Pansi pake panali chitsanzo, chaudongo, chopanda mzere wongodzaza malo. Corinne anachiyendetsa m'mutu ndipo sanapeze pochigwira. Pa mzere wonena kuti pulogalamu iyese kangati isanagonje ndi pamene panali mpata uja. Pambali pake pensulo yomwe ija inati: "Funsa Corinne. Ine ndalephera kusankha."

Atadzutsa mutu anaona pepala lina lomatidwa pakhoma, pamwamba pa kompyuta. Panali madeti asanu ndi atatu otsika m'munsi, onse a Loweruka. Loyamba linalibe nambala. Otsatirawo anali ndi manambala pambali: 1, 2, 4, 8, 16, 32, 64. Asanu ndi awiri anali ochongedwa. Lomaliza linali lisanachongedwe.

Anatulutsa foni yake. Mauthenga a mawu amene bambo ake ankasiya sanawamverepo, komanso sanawafufute. Analipo asanu ndi awiri. Anayerekeza madeti ake ndi a pakhoma, limodzi limodzi. Sabata imodzi. Masabata awiri. Anayi. Asanu ndi atatu. Onse anagwirizana, osaphonya ngakhale tsiku. Kuchokera pa Novembala uja anaimba komaliza, masabata makumi asanu ndi limodzi kudza anayi ankathera Loweruka likubwerali.

Ha, koma anthu a ntchito imeneyi! Bambo wina aliyense akanakwera ndege n'kukagogoda pachitseko. Arvid anatenga phunziro limene mwana wake anamupatsa mwaukali n'kuligwiritsa ntchito pa mwana yemweyo, akuganiza kuti katswiri ngati ameneyu aziona yekha. Ndipo katswiriyo, amene ntchito yake ya tsiku ndi tsiku ndi kuwerenga zizindikiro zotere, anangoona bambo amene akutopa naye. Corinne anakhala pampando wa bambo ake n'kulira kwa nthawi yoyamba chifikireni, kulira kwenikweni, kwa mamina.

Leif anamupeza ola litadutsa, jekete lili pansi, kompyuta itayaka.

"Masitampa aja mpaka pano?"

"Tandisinthira ndege, ikhale ya Lamlungu. Ukatero undibweretsere khofi."

"Ndakhala wantchito wako tsopano?"

"Achimwene, chonde."

Leif anamuyang'ana kumaso, n'kuyang'ana pepala la pakhoma limene kwa iye linali manambala chabe. Anakwera masitepe kukatenga khofi.

Masiku awiri Corinne anataipa chitsanzo chija kuchokera papepala, chilembo ndi chilembo. Anachiyendetsa, kenako n'kudwalitsa dala pulogalamu yoitanidwayo, kuichedwetsa, kuizimitsa, kuidzutsanso, kuti aone ngati anzake aiunjirire. Sanaiunjirire. Anapeza kachilembo kamodzi kosowa pa tsamba lachitatu n'kukakonza. Lachisanu masana anadzaza mpata uja, n'kusayina.

"Faifi?" anakuwa Leif ataona. "Ndimesa ndinanena faifi Lachitatu lomwe lija!"

"Iwe unangolota. Ine ndayesa."

"Nanga Abambo ankavutika nayo chiyani nambala yophweka chonchi?"

"Makina azigonja akayesa kasanu, bukuli ndi la makina," anatero Corinne. "Iwo ankaganiza za munthu."

Loweruka kunacha kuli dzuwa lozizira lija la mu Febuluwale. Atatuwa anali kukhitchini, Marlys akumalizitsa makadi, Leif akutsuka mbale za azimayi a ku tchalitchi kuti zibwerere kwa eni ake. Foni ya Arvid inali pa chaja pafupi ndi buledi, chifukwa Leif ankafuna kutengamo manambala a anzawo akale amene sanamve za maliro. Nthawi itakwana teni koloko, inalira.

Onse anaima. Marlys anainyamula, n'kukweza magalasi. Sanali munthu akuimba. Chinali chikumbutso chimene Arvid anatchera chaka ndi miyezi itatu yapitayo: "Imbira Corinne. Usayambe ndi za buku."

Marlys anawerenga kawiri, milomo ikuyenda. Kenako anatsegula foniyo, anafufuza pang'onopang'ono ndi chala chimodzi, n'kudina.

"Abambo ako sankaphonya tsiku," anatero.

Foni ya Corinne inayamba kulira m'thumba. Anaitulutsa. Pagalasi pake panali mawu amodzi aja akuti "Abambo", amene anawayang'ana kasanu ndi kawiri mpaka kuzima okha. Madzi ankangotayika pampopi, Leif ataiwala kutseka. Inalira kamodzi, kawiri. Corinne anadina, n'kuika foni kukhutu.

"Halo, Abambo," anatero. "Ndilipo."